Mwana Amene Ankakhala Kuseri kwa Khoma la Madrasa

 Nkhani imene takutengerani ulendo uno ndi yotichititsa manyazi ife eni, pakuti ikuyamba ndi kulakwa kwathu. Komabe taona kuti nkwabwino kuilemba, chifukwa chimene tinachita ife chikuchitikanso m'madrasa ndi m'masukulu ambiri, ndipo ochitawo amakhala akuganiza kuti akuwongola mwana.

Ife ndife mwalimu wa madrasa m'mudzi wina wa asodzi m'boma la Mangochi. Ana athu amapita ku sukulu ya pulayimale m'mawa, ndipo akaweruka nkudya nsima amabwera kwa ife ikatha swala ya Dhuhr. Ku koleji ya Chisilamu kumene tinaphunzira tinaphunzitsidwa tajwidi, fiqhi, mbiri ya Mtumiki Muhammad (SAW) ndi chinenero cha Chiarabu, ndipo aphunzitsi athu timawathokoza kufikira lero. Tinabwerako tikudziwa malo amene chilembo chilichonse chimatulukira m'kamwa ndi pammero. Chimene sitinabwere nacho ndicho kudziwa kuti mitu ya ana siilandira phunziro m'njira imodzi.

TSIKU LIMENE TINAGWIRA NDODO

M'chaka cha 2023 mayi wina anabwera ndi mnyamata wake wa zaka 8, amene pa nthawiyo anali mu Sitandade 2. Dzina lake sitilitchula. Mwanayo sankayang'ana munthu kumaso, koma popeza kwathu kuno mwana wosayang'ana wamkulu m'maso ndiye waulemu, sitinaonepo chachilendo. Zachilendo zinayamba kuoneka masiku atapita. Tikamuitana dzina sankatembenuka. Tikamufunsa kuti, "Dzina lako ndani?" iye ankayankha kuti, "Dzina lako ndani?" Ankakhala pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, ndipo mnzake akakhalapo ankalira ngati waferedwa. Ana onse 60 akayamba kuwerenga mokweza pamodzi monga timachitira, iye ankatseka makutu ndi manja, nkumagwedeza thupi uku ndi uku.

M'mudzi anthu anali atagamula kale mlandu wake. Ena ankati wagwidwa ndi majini a m'nyanja. Ena ankanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti azipha nsomba zambiri, ngakhale bamboyo analibe ndi ngalawa yakeyake yomwe. Enanso ankaloza mayi ake kuti pali chimene anachita ali woyembekezera. Mayiyo anatha ndalama zake zogulitsa usipa kwa asing'anga, ndipo mwana ankayenda ndi zithumwa m'khosi ndi m'chiuno. Ife majini sitinawaganizire. Ife tinkati ndi mwano basi, mwana wolekereredwa pakhomo.

Tsiku lina mvula inagwa yamphamvu pa malata a madrasa, ndipo tinauza ana kuti akweze mawu kuti timvane. Mnyamatayo anakuwa, nadzuka kuti athawe, ndipo pothawapo anagunda kathabwa koikapo Qur'an, buku lopatulika nkugwa pansi. Mtima unatipsa. Tinatola ndodo nkumukwapula katatu pamaso pa anzake. Sanalire monga alirira ana ena. Anaziluma dzanja, natuluka pamvula pomwepo.

Mpaka nthawi ya Maghrib mwana sanafike kwawo. Mudzi wonse unatuluka ndi matochi. Amene anamupeza ndi asodzi amene ankakonzeka kupita ku usipa. Anali ataima m'madzi ofika m'chiuno, pafupi ndi bango, malo amene tonse timadziwa kuti ng'ona zimaonekako. Allah anamusunga. Usiku umenewo bambo ake anatiuza kuti, "Che Mwalimu, musadandaule nazo. Mwanayu ngosapindula. Akakula pang'ono azikakoka nawo khoka." Tinavomera ndi mutu, ndipo kunena zoona mumtima tinapepukidwa kuti sadzabweranso.

MAWU KUSERI KWA KHOMA

Patapita miyezi iwiri, tsiku lina ana ataweruka, tinatsalira kuti titseke mazenera. Tinamva mawu a mwana akuwerenga Qur'an kuseri kwa khoma, kumene kuli mtengo wa mango. Kawerengedwe kake kanatidabwitsa, chifukwa kanali kathu kenikeni. Pamene ife timakoka mawu iyenso ankakoka, pamene timapumira iyenso ankapumira, ngakhale kutsokomola kumene tinatsokomola sabata imeneyo pakati pa sura iye anatsokomolanso. Titasuzumira tinapeza kuti ndi mnyamata uja, atatsamira khoma, akusewera ndi timiyala timene anatindandalika mumzere.

Mayi ake anatiululira pambuyo pake kuti mwanayo sanasiye kubwera ngakhale tsiku limodzi. Nthawi ikakwana ankanyamuka yekha nkukakhala kuseri kwa khoma, kumene mawu amafika atachepa mphamvu. Mmenemo anali ataloweza gawo lalikulu la Juzu Amma, imene ili ndi masura 37, pamene ana ambiri a m'kati anali asanafike ndi theka lomwe.

Sura imene ankawerenga tsiku limenelo inali Abasa, sura ya 80. Abale, tonse tikudziwa chimene chinachititsa kuti sura imeneyi itsike. Mtumiki (SAW) anali pa zokambirana ndi akuluakulu a Chikuraishi ku Makka, pofuna kuti alowe Chisilamu, pamene kunabwera munthu wosaona, Abdullah ibn Umm Maktum (RA), kudzafunsa kuti aphunzitsidwe. Mtumiki (SAW) anachita tsinya nkutembenukira kumbali, ndipo Allah anamudzudzula pa chimenecho m'mawu amene Asilamu akuwerenga mpaka lero. Sura imeneyi tinailemba pa mayeso ku koleji ndipo tinakhoza bwino. Koma tanthauzo lake linatilowa madzulo amenewo titaima pa zenera. Ngati munthu wolemekezeka kuposa anthu onse anadzudzulidwa chifukwa cha tsinya lokha, limene wosaonayo sanalione nkomwe, nanga ife amene tinagwira ndodo tidzayankha chiyani?

ZIMENE TINAPHUNZIRA KU PULAYIMALE

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'mawa mwake tinapita ku sukulu ya pulayimale kukafunsa mmene iwo amachitira naye. Aphunzitsi aakulu anatitumiza kwa mayi wina, mphunzitsi amene anachita maphunziro a ana ofunika chithandizo chapadera ku koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Mayiyo si Msilamu, ndipo tinapita tikukayika ngati angatilandire. Anatipatsa mpando, namvetsera nkhani yonse, ya ndodo yomwe, osatidula.

Titatha anati, "A Mwalimu, mwana uja sachita mwano. Phokoso limene inu ndi ine timangoti ndi phokoso, kwa iye limapweteka ngati kumubaya m'khutu. Pothawa paja sankathawa Qur'an, ankathawa ululu."

Anatifotokozera kuti madokotala atamuona mwanayo anati ali ndi autism. Umenewu ndi mkhalidwe umene munthu amabadwa nawo, pamene ubongo umakula ndi kugwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri, makamaka pa kulankhulana, kucheza ndi ena, ndi mmene thupi limamvera phokoso, kuwala kapena kukhudzidwa. Sapatsirana. Sabwera chifukwa cha kalera ka mayi. Sabweranso ndi katemera: mphekesera imeneyi inachokera ku nkhani imene inasindikizidwa ku Britain mu 1998, ndipo mu 2010 magazini ya madokotala imene inaisindikiza inaichotsa itapezeka kuti inali yosalongosoka. Dokotala Leo Kanner wa ku America analongosola za mkhalidwewu mu 1943 ataona ana 11, ndipo mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali nawo. Ena salankhula konse ndipo amafuna wowathandiza moyo wawo wonse, ena amaphunzira mpaka ku yunivesite. Mankhwala ochotsera autism kulibe, choncho amene akukulipiritsani ndalama kuti auchotse akukuberani. Chimene chilipo ndi njira zothandizira mwana kuti aphunzire ndi kukhala bwino.

Mayiyo anatiphunzitsanso liwu lina la Chingerezi, lakuti neurodiversity, limene linayamba kumveka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mmodzi mwa oyamba kulilemba anali Judy Singer wa ku Australia. Tanthauzo lake nlakuti mitu ya anthu inalengedwa yosiyanasiyana, ndipo kusiyanako nkwachilengedwe. Kwa ife ana a kunyanja zimenezi sizovuta kumva. M'nyanja imodzi yomweyi muli chambo, usipa, utaka ndi kampango. Usipa timaupha usiku ndi chilimira poukopa ndi nyali, kampango timamutchera mbedza kapena matchera kozama. Sitinamvepo msodzi akutukwana kampango chifukwa chakuti sanabwere pa nyali. Amangosintha chida. Koma ife aphunzitsi takhala ndi chida chimodzi, ndicho kuwerenga mokweza pamodzi ndi ndodo pambali, ndipo mwana aliyense amene chidacho sichinamugwire tamutcha mbuli.

Ndipo Qur'an yolemekezeka, mu sura ya Rum, imatiuza kuti kusiyana kwa zinenero ndi maonekedwe a anthu ndi zina mwa zizindikiro za Allah. Amene anasiyanitsa malilime ndi nkhope zathu, kodi akanalephera kusiyanitsa mitu yathu?

SI IYE YEKHA

Titabwerera ku madrasa tinayamba kuyang'ana ana athu mofatsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Tinapeza kuti mnyamata uja sanali yekha.

Panali mtsikana wa zaka 11, wochenjera pa kuyankha mafunso a pakamwa, amene anakhala zaka zitatu pa buku loyamba la zilembo. Baa, taa ndi thaa, zimene zimasiyana ndi timadontho tokha, kwa iye zinkasakanikirana, ndipo ku pulayimale ankasokoneza b ndi d ngakhale anzake anapitirira kalekale. Mphunzitsi uja anati vuto la kuwerenga lotere limatchedwa dyslexia, ndipo silikhudzana ndi kuchepa nzeru. Anatilangiza kuti tizimulembetsa zilembo zikuluzikulu pa mchenga ndi chala, akutchula liwu lake, madontho aziika timiyala. Mchenga ndiye tili nawo wambiri. Sanasinthe tsiku limodzi, koma pakutha pa chaka analowa mu Qur'an.

Panalinso mnyamata amene sankatha kukhala pansi ngakhale kanthawi kochepa, wosachedwa kupsa mtima, amene ndodo yathu inamuzolowera. Agogo ake anatiuza kuti anali mwana wofatsa kufikira pamene anadwala malungo aakulu nkukomoka masiku atatu ali ndi zaka 4. Ana ena amabadwa ndi mkhalidwe wosakhazikika wotchedwa ADHD, koma ena khalidwe limasintha chifukwa cha matenda. Kafukufuku amene anachitikira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti mwa ana amene anachira malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anatsala ndi vuto monga khunyu, kusintha kwa khalidwe kapena ulumali wina. Ife okhala kumene udzudzu uli wambiri tiyenera kuimva bwino nkhani imeneyi. Mnyamatayo tinamupatsa ntchito zoyenda: kugawa mabuku, kufufuta bolodi, kutunga madzi a wuzu. Akayenda pang'ono amatha kukhala pansi nkumva phunziro.

Kwa mnyamata wa kuseri kwa khoma, choyamba tinapita kwawo kukapepesa, kwa makolo ndi kwa mwana mwini. Akuluakulu ena anadabwa kuti mwalimu angapepese mwana, koma ufulu wa munthu umene waphwanyidwa sufafanizika ndi swala zokha mwini wake asanapepesedwe. Kenaka tinamuyalira mkeka pakhonde, pafupi ndi khomo, ndi chilolezo chakuti phokoso likamukulira apite ku mtengo wa mango osapempha. Tinagawa ana m'timagulu kuti asamakuwe onse nthawi imodzi. Tinayamba kumuuziratu chimene chichitike chisanachitike, m'mawu ochepa. Ndodo ija tinaisonkhezera pamoto.

Zimenezi si zachilendo m'chipembedzo chathu. Abdullah ibn Umm Maktum (RA) uja anadzakhala woitanira swala pamodzi ndi Bilal (RA), ndipo kangapo Mtumiki (SAW) pochoka ankamusiyira kutsogolera swala mu Madina. Mtumiki Musa (AS) anali ndi vuto la lilime, ndipo anapempha kuti m'bale wake Harun (AS) akhale womuthandiza, Allah namuyankha. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya mayi wina amene mutu wake sunkayenda bwino, amene anauza Mtumiki (SAW) kuti ali naye mawu. Mtumiki (SAW) anamulola kusankha yekha msewu wokakambiranamo, napita naye komweko kufikira chosowa chake chitatheka. Nayenso Khalifa al-Walid ibn Abd al-Malik, amene analamulira kuyambira 705 mpaka 715, amakumbukiridwa chifukwa chopatsa osaona anthu owatsogolera ndiponso olumala anthu owatumikira.

TSIKU LA CHISANGALALO PA SUKULU

Mu 2007 bungwe la United Nations, dziko la Qatar litapereka ganizoli, linakhazikitsa 2 April kukhala tsiku lokumbukira anthu a autism chaka ndi chaka. Mu 2025 tsikuli linafika patangopita masiku ochepa tisangalalire Idi yomasula Ramadhani, ndipo aphunzitsi aakulu, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi anagwirizana kuti aitane mudzi wonse. Kunabwera amfumu, a Shehe, abusa a mpingo wapafupi ndi makolo, ena akuchokera kothandala nsomba.

Chinthu choyamba chimene ana onse anauzidwa nchakuti tsiku limenelo kulibe chimkuzamawu, ndipo m'malo moomba m'manja azikweza manja m'mwamba nkumawagwedeza. Ana opitirira 1,000 anamvera, chifukwa anauzidwa chifukwa chake. Mtsikana uja analemba moni m'Chichewa ndi m'Chiarabu pa lichero la mchenga. Mnyamata wa malungo uja anaonetsa kabwato kamene anasema yekha, kali ndi nkhafi zake. Ana a Sitandade 6 anachita sewero la mwana amene anzake ankamutcha mayina achipongwe, ndipo makolo ena amene anayamba ndi kuseka anatha ali chete.

Panali mwana winanso amene salankhula, sawerenga, ndipo analibe chimene akanaonetsa. Anzake awiri amene amamutenga kwawo m'mawa uliwonse anaima naye, ndipo atatuwo analandira mphatso ya makope chifukwa chosajomba teremu yonse. Tikunena zimenezi kuti wina asatimve molakwa. Si mwana aliyense wa autism amene ali ndi mutu woloweza, ndipo ambiri alibe luso lodabwitsa anthu. Ulemu wa mwana suchokera pa luso. Akanakhala kuti mnyamata wathu sanaloweze ngakhale aya imodzi, ndodo yathu ikanakhalabe yolakwa.

Pomaliza anamuitana iye. Sanafune kuyang'ana khamu, ndipo palibe anamukakamiza. Anaima chofulatira anthu, nkhope kuloza ku khoma la kalasi, nawerenga sura ya Abasa yonse, ma aya 42, osaphonya. Manja anakwera m'mwamba bwalo lonse, popanda phokoso. Bambo ake, amene anaima kumbuyo ndi asodzi anzawo, anatiyandikira nkutigwira dzanja nthawi yaitali. Chimene ananena nchakuti, "Che Mwalimu, ndimayesa samva."

NTCHITO IDAKALIPO

Tisakunamizeni kuti zonse zili bwino. Mnyamatayo amaloweza mawu, koma kuwerenga zilembo kukumuvutabe, ndipo masiku ena amalira osatha kunena chimene chamupweteka. Makalasi a ku pulayimale ndi odzaza, mphunzitsi wa maphunziro apadera ndi mmodzi ndipo amayenderanso masukulu ena. Makolo ena anadandaula kuti ana otere akuchedwetsa anzawo. Chimene ife taona nchakuti chisiyireni kukuwa ndi kukwapula, ana onse akumva bwino kuposa kale, ndipo aphunziranso kudikira mnzawo, phunziro limene tinkalilalikira pakamwa pokha.

Malamulo alipo. Mu 1994, chaka chimene maphunziro a pulayimale anakhala aulere m'Malawi, maboma 92 anagwirizana ku Salamanca m'dziko la Spain kuti ana onse aziphunzira pamodzi m'masukulu a kwawo. Mu 2009 dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali m'malo mwa la 2012. Koma lamulo silingadzutse mwana m'mawa nkumuperekeza ku sukulu. Imeneyo ndi ntchito ya inu ndi ife.

Tsono makolo anzathu, ngati muli ndi mwana amene akuchedwa kulankhula, satembenuka poitanidwa, amaopa phokoso, kapena wakhala zaka pa zilembo zomwezo, musamutsekere m'nyumba chifukwa cha manyazi. Pitani naye ku chipatala akamuone, makutu ndi maso omwe, pakuti nthawi zina vuto limakhala pamenepo. Funsani aphunzitsi aakulu za mphunzitsi wa maphunziro apadera wa m'dera lanu. Dua pitirizani kuchita, koma dua sikutsekereza njira ya ku chipatala. Gonekani ana m'masikito, ndipo mwana akatentha thupi musachedwe naye pakhomo. Dziwaninso kuti ana ambiri a autism amakopeka ndi madzi ndipo amatha kuchoka osatsanzika, choncho uzani anansi ndi asodzi a padoko kuti akamuona yekha amubweze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo inu amwalimu anzathu, mawa ana akadzayamba kuwerenga, tatulukani pang'ono muzungulire khoma la madrasa yanu, muone ngati kulibe wina wakhala kumeneko.

Tikupempha Allah kuti atikhululukire pamene tinapweteka ana amene anatisungitsa, apatse mphamvu amayi amene akhala akusenza okha mtolo umenewu pamodzi ndi zonena za anthu, ndipo afewetse mitima yathu tonse. Amin.